Joseph Haydn ndi Nyimbo ya Anthu Anai

Cakumapeto kwa caka ca 1749, mumzinda wa Vienna m'dziko la Austria, mnyamata wina wa zaka 17 anapirikitsidwa pa sukulu ya oimba ya chalichi cacikulu ca St. Stephen. Dzina lace linali Joseph Haydn. Mlandu umene anamcotsera unali wacibwana: anadula tsitsi loluka la mnzace wa m'kwaya, pakuti masiku amenewo amuna a dziko ilo anali kuluka tsitsi lao kumbuyo. Koma cifukwa ceniceni cinali cina. Mau ace aubwana, amene anamdyetsa zaka 9, anali atayamba kusintha monga acita mau a mnyamata aliyense pamene akula, kotero kuti mfumu yaikazi ya dzikolo, Maria Theresa, inadandaula kuti mnyamatayo anali kulira ngati tambala. Akulu a sukulu anaona kuti nchito yace yatha. Anamkwapula, namtulutsa kunja.

Tsiku limenelo Haydn analibe ndalama, analibe pogona, ndiponso analibe nchito ya manja yoti adye nayo. Sukulu inamphunzitsa Cilatini pang'ono, ndi kuliza vayolini ndi limba, koma cimene inamsungira cinali mau aubwana aja, ndipo mauwo anamthawa popanda iye kulakwa. Makolo ace anafuna kuti alowe unsembe kuti apeze pogwira, koma iye anakana, pakuti mtima wace unali pa nyimbo. Anthu amene anamuona alikuyenda m'miseu ya Vienna ndi malaya akutha sakadaganiza kuti ameneyu ndiye adzalera mtundu wa nyimbo umene ulizidwa m'maiko ambiri kufikira lero.

Njala anaidziwa kuyambira ubwana. Anabadwa pa 31 March 1732 m'mudzi wa Rohrau, kufupi ndi malire a Hungary. Atate ace, Mathias, anali mmisiri wopanga magudumu a ngolo, ndipo amai ace, Maria, asanakwatiwe anagwira nchito yophika m'nyumba ya Count Harrach, mwini dziko la pamenepo. Madzulo nchito itatha atatewo anali kuliza zeze wa Azungu wochedwa harp, ngakhale sanadziwe kuwerenga nyimbo zolembedwa, ndipo banja lonse linali kuimba pamodzi. Pamene mwanayo anali ndi zaka ngati 6, mbale wao wina, Johann Matthias Frankh, mphunzitsi wa ku Hainburg, anamtenga kuti akamphunzitse zoimbaimba. Kuyambira pamenepo sanakhalenso m'nyumba ya makolo ace. Atakalamba anali kukumbukira Frankh moyamikira, koma anali kunenanso kuti kumeneko mkwapulo unaculuka kuposa cakudya. M'caka ca 1740 anapita ku Vienna, atasankhidwa ndi Georg Reutter, mkulu wa oimba wa St. Stephen, ndipo kumenekonso mimba sinali kukhuta. Anaphunzira kuimba mokometsa kuti aitanidwe ku nyumba za olemera, kumene oimba anali kupatsidwa zakudya.

Atapirikitsidwa, woimba wina waumphawi dzina lace Johann Michael Spangler anamcitira cifundo, namlandira m'kacipinda kamene iye anali kukhalamo ndi banja lace. Anakhala kumeneko miyezi ingapo. Pambuyo pace munthu wina wochedwa Buchholz anamkongoza 150 gulden, ndizo ndalama za dziko ilo, popanda ciongoladzanja, ndipo Haydn anapeza kacipinda kacekace pansi pa denga la nyumba yosanja yochedwa Michaelerhaus. Munalibe mbaula yoothera moto, ndipo denga silinali kuletsa bwino mvula. Koma munali limba laling'ono lakale lofumbwa, ndipo iye anali kunena kuti akakhala pa limbalo sanali kusirira ngakhale mfumu. Usana anali kuphunzitsa ana kuliza limba pa malipiro ocepa. Usiku anali kuyenda ndi anzace kuimba pansi pa mazenera a anthu. Lamulungu anali kuthamanga kucokera ku chalichi cina kunka ku cina, kuno kuliza vayolini, uko kuliza limba.

Popeza panalibe womphunzitsa kupeka nyimbo, anadziphunzitsa yekha. Anatenga buku la Johann Joseph Fux lochedwa Gradus ad Parnassum, limene liphunzitsa kayendetsedwe ka mau angapo pamodzi osagundana, nacita zonse zimene bukulo lilamula wophunzira, cimodzicimodzi. Anasanthulanso nyimbo za limba za Carl Philipp Emanuel Bach. Ndipo pamene anakomana ndi Nicola Porpora, nkhalamba ya ku Italy yochuka pa kuphunzitsa kuimba, anabvomera kukhala mnyamata wace wa nchito. Anali kumpukutira nsapato ndi kumkonzera zobvala, ndi kuliza limba pamene nkhalambayo inali kuphunzitsa. Porpora anali waukali: anali kumchula bulu ndi kumgunda m'nthiti. Haydn anapirira zonsezo, pakuti anaona kuti pakamwa pomwepo potuluka zonyoza panali kutulukanso nzeru zokonzera zolakwa za m'nyimbo zace. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuti nchito ya Haydn imveke bwino, nkofunika kudziwa kuti ku Ulaya nyimbo za masiku amenewo zinagawidwa patatu, monga mwa malo oimbiramo. Panali nyimbo za m'chalichi, nyimbo za m'nyumba za masewero, ndi nyimbo za m'cipinda. Zotsirizazi, zimene Angerezi azichula chamber music, ndizo nyimbo za anthu owerengeka, awiri, atatu, anai kapena kupitirira pang'ono, ndipo aliyense ali ndi mau aceace amene palibe wina awaliza. M'gulu lalikulu la oimba anthu khumi angathe kuliza mau amodzimodzi, ndipo mmodzi akaphonya anzace amphimba; patsogolo pao paimirira mtsogoleri amene onse amyang'ana. M'nyimbo za m'cipinda mulibe wobisala kumbuyo kwa mnzace, mulibe ng'oma yosunga mayendedwe, mulibenso woimirira ndi kandodo. Oimbawo angoyang'anana, nacherana khutu.

Zoimbira zokondedwa koposa pa nyimbo zotere ndizo za nsambo zolizidwa ndi uta, monga acitira mwini kaligo. Vayolini ndiyo yaing'ono, ya mau okwera ngati a mtsikana. Viola ndi yokulirapo, ya mau apakati. Cello ndi yaikulu, yoimika pakati pa maondo, ya mau akuya ngati a mwamuna wamkulu. Ciriconse ca izi ciri ndi nsambo zinai. Mavayolini awiri, viola imodzi ndi cello imodzi zikakhala pamodzi, gululo ndi nyimbo yace yomwe zichedwa string quartet, ndiko kunena kuti nyimbo ya anai. Aliyense amene anaimbapo m'kwaya ya sukulu adziwa kuti mau anai akwana kudzaza nyimbo. Koma opeka nyimbo abvomerezana kuti mtundu umenewu ndi wobvuta koposa, cifukwa mulibe malipenga kapena ng'oma zokometsera pamene nzeru yacepa. Uli ngati nyumba isanamatidwe: mtengo uliwonse wokhota uoneka.

Ciyambi ca nyimbo za anai za Haydn cinali capafupi ndithu. M'zaka za pakati pa 1755 ndi 1760, munthu wina wacuma, Baron Fürnberg, anali ndi nyumba kumidzi ku Weinzierl, ulendo ndithu kucokera ku Vienna. Pofuna kusangalala anali kuitana anthu anai: wansembe wa pamenepo, kapitao woyang'anira minda yace, woliza cello wina dzina lace Albrechtsberger, ndi Haydn. Tsiku lina anapempha Haydn kuti apeke kanthu koti anai amenewa alize. Panalibe khamu la akatswiri monga ku nyumba za mafumu. Panali anthu anai basi, ndipo awiri a iwo nchito yao sinali ya nyimbo. Haydn anayang'ana zimene zinalipo, nalembera zomwezo, pakuti fodya wako ndiye ali pamphuno. Nyimboyo inakondweretsa, ndipo anapeka zina kufikira zinakwana ngati 10. Anthu anazikopera pamanja napatsirana, ndipo zina zinasindikizidwa ku Paris m'caka ca 1764 mwini wace osapemphedwa. Si iye anayamba kulembera zoimbira zinai zimenezi; enanso anali atayesapo. Koma iye anaugwiritsa mtundu umenewu zaka zoposa 40, naulera kufikira unakhwima, ndico cifukwa cace ku Ulaya amchula atate wace.

Nyimbo zoyambazo zinali zopepuka, zoyenera kucezera madzulo. Kawirikawiri vayolini yoyamba ndiyo inali kulankhula, ndipo zinazo zinali kubvomera, monga acitira anthu pabwalo pamene mfumu iri kunena. Umo ndimo linaliri dziko lonse limene Haydn anabadwiramo, ndipo posacedwa iye mwini analowa m'kati mwenimweni mwa dziko limenelo.

Atagwira nchito kanthawi kwa Count Morzin, amene cuma cace cinaphwa nabalalitsa oimba ace, Haydn analembedwa nchito pa 1 May 1761 ndi banja la Esterházy, limodzi la mabanja olemera koposa m'dziko la Hungary. Cikalata ca pangano lace cikalipo kufikira lero, ndipo cionetsa bwino malo a wopeka nyimbo masiku amenewo. Anayenera kubvala yunifomu ya nyumbayo, ndi masokosi oyera, ndi tsitsi lothira ufa woyera. Tsiku ndi tsiku, dzuwa lisanafike pamutu ndiponso litapendeka, anayenera kuonekera m'cipinda codikiriramo kudzamva ngati Kalonga afuna nyimbo. Anayenera kupeka nyimbo iriyonse imene Kalonga walamula, osaipatsa munthu wina, ndiponso osapekera wina aliyense popanda cilolezo. Anayenera kusamala zoimbira zonse ndi kuthetsa mikangano ya oimba. Malipiro ace anali 400 gulden pa caka. Anali wanchito wapamwamba, koma wanchito ndithu.

Kalonga Paul Anton, amene anamlemba, anamwalira m'caka ca 1762, ndipo mng'ono wace Nikolaus analowa m'malo. Ameneyu ndiye Haydn anamtumikira zaka 28. Nikolaus anamanga nyumba yacifumu yaikulu yochedwa Eszterháza m'dambo lakutali ndi mizinda, nakonda kukhala kumeneko miyezi yambiri ya caka. Anakondanso kuliza coimbira cina ca nsambo zambiri cochedwa baryton, ndipo m'caka ca 1765 anadzudzula Haydn m'kalata, namlamula kuti acite khama kupeka nyimbo za coimbiraco. Haydn anamvera. Anapeka nyimbo zoposa 120 za anthu atatu, m'mene Kalonga anali kuliza baryton, wina viola, wina cello. M'nyimbo zimenezi mau otsogolera kawirikawiri anali a mwini nyumba, ndipo anayenera kulingana ndi zala zace kuti asacite manyazi.

Koma m'zaka zomwezo wanchito ameneyu anabwerera ku nyimbo ya anai. Pakati pa 1769 ndi 1772 anapeka nyimbo zotere 18, m'magulu atatu a zisanu ndi imodzi. Apa ndipo anakhazikitsa kamangidwe ka zigawo zinai: coyamba cofotokoza nkhani ndi kuitembenuza, cina codekha ngati ca munthu wolingalira, cina ca kabvinidwe kochedwa minuet, ndi cotsiriza cothamanga. M'magulu awiri oyamba vayolini yoyamba inali ikali mfumu, pakuti pa nyumba ya Esterházy panali katswiri wa vayolini, Luigi Tomasini. Koma m'gulu lacitatu, la caka ca 1772, limene lidziwika ndi nambala ya Opus 20, munacitika cinthu cacilendo. Nyimbo yaciwiri ya gululi iyamba vayolini yoyamba iri cete. Cello, imene nchito yace inali kukhala pansi ndi kusenza anzace, ndiyo ikwera pamwamba niyamba nkhani. Viola itsika kukagwira nchito ya pansi imene cello yasiya. Vayolini yaciwiri iperekeza. Ndipo mfumu ija idikira kufikira mnzace atatsiriza, ndiye ilowa ndi kubwereza mau amene wanena wapansiyo. Nyimbo zitatu za gulu lomweli zitsiriza ndi cigawo ca mtundu wochedwa fugue, m'mene mmodzi ayamba mutu wa nyimbo, waciwiri nalowa ndi mutu womwewo woyambayo asanaleke, kenaka wacitatu ndi wacinai, kotero kuti onse anai asenza katundu wolingana. Imeneyi ndi nzeru ija anadziphunzitsa yekha m'buku la Fux, m'kacipinda kopanda moto kaja.

Haydn sanali munthu woukira akulu. Anali womvera, wopembedza, ndipo Kalonga anamkonda namkweza kukhala mkulu wa oimba onse m'caka ca 1766. Koma nzodabwitsa kuti munthu amene anali kuimirira pakhomo tsiku ndi tsiku kudikira lamulo ndiye anakonza nyimbo m'mene mulibe mbuye ndi kapolo. Za pansi anazidziwa bwino, popeza anapukutapo nsapato za munthu, ndipo anadziwa kuti wokhala pansi nayenso ali ndi mau, angosowa mpata. Ponena za kukhala kudambo kuja, iye mwini anauza wolemba mbiri yace kuti popeza anali kutali ndi anthu panalibe womsokoneza, ndipo anakakamizidwa kupeza njira yaceyace. Patapita zaka zambiri, m'caka ca 1829, mlembi wamkulu wa ku Germany, Goethe, analembera bwenzi lace Zelter kuti kumvera nyimbo ya anai kuli ngati kumvera anthu anai anzeru alikuceza. Pa kuceza kwa anzeru aliyense alankhula, ndipo aliyense adziwanso nthawi yokhala cete.

M'caka ca 1779 pangano lace linakonzedwanso, ndipo analoledwa kugulitsa nyimbo zace kwa osindikiza. M'caka ca 1781 anapeka zina zisanu ndi imodzi, za Opus 33, nalembera makalata anthu okonda nyimbo kuwauza kuti zapekedwa m'njira yatsopano ndi yapadera. M'menemo kacidutswa kamene kayamba ngati koperekeza cabe kasanduka mutu wa nkhani, mutu nusanduka woperekeza, womvera osazindikira pamene zasinthana. Mulinso nthabwala. Yaciwiri ya gululi ifika poleka, anthu nayesa yatha nakonzeka kuomba m'manja. Kenaka iyambanso, ilekanso, kufikira womvera asowa podziwira mapeto ace.

Nyimbo zimenezi zinafika m'manja mwa Wolfgang Amadeus Mozart, amene anabadwa m'caka ca 1756, zaka 24 pambuyo pa Haydn. Awiriwa anasiyana m'zambiri. Mozart anachuka akali mwana, ndipo ukapolo wa m'nyumba za akulu unamnyansa. M'caka ca 1781 anakangana ndi mbuye wace, Bishopu wamkulu wa ku Salzburg, amene anali kumdyetsa pa gome limodzi ndi ophika, ndipo anacoka pa nchitoyo atamenyedwa thece ndi nduna ina ya Bishopuyo. Koma munthu wosafuna kugonja ameneyu anadzicepetsa pamaso pa nyimbo za Haydn. Iye amene anali kupeka msanga ngati wotunga madzi pa citsime codzaza anatha zaka ziwiri ndi kanthu, kuyambira cakumapeto kwa 1782 kufikira kuciyambi kwa 1785, alikulimbana ndi nyimbo za anai zisanu ndi imodzi, ndipo mapepala ace aonetsa kufafaniza ndi kukonzanso. Pozisindikiza m'caka ca 1785 anazipereka kwa Haydn, nazifanizira ndi ana amene atate ao awatuma kwa bwenzi lokondedwa kuti liwayang'anire.

Apa ndipo paoneka mtima wa Haydn. Mmisiri wamkulu akaona mnyamata alikumpambana pa nchito yace yomwe, kawirikawiri njiru imgwira. Koma m'mwezi wa February 1785, atamva zitatu za nyimbozo m'nyumba ya Mozart, Haydn anasendera kwa Leopold, atate a mnyamatayo, nawauza, alikuchula Mulungu ngati mboni, kuti mwana wao ndiye wopeka nyimbo wamkulu koposa onse amene iye anawadziwa, pamaso kapena mwa mbiri. Ubwenzi wao unali wa pa nchito yomweyo. Woimba wina wa ku Ireland, Michael Kelly, analemba za madzulo ena a caka ca 1784 pamene anaona anthu anai alikuliza pamodzi m'nyumba ina ku Vienna: Haydn pa vayolini yoyamba, Dittersdorf pa yaciwiri, Vanhal pa cello, ndi Mozart pa viola. Onse anai anali opeka nyimbo odziwika, ndipo uja amene Haydn anamuyesa wopambana onse anakhala pa mpando wa mau apakati, amene womvera wamba sawazindikira.

Ngakhale mbiri yace inali itafika ku Paris ndi ku London, Haydn anali akali womangika. Kalonga akanyamuka kunka kudambo, iyenso anayenera kusiya abwenzi ace ku Vienna ndi kutsata. M'makalata amene analembera mai wina wokonda nyimbo, Maria Anna von Genzinger, m'caka ca 1790, adandaula za kusungulumwa, ndipo m'kalata ina anena poyera kuti ncomvetsa cisoni kukhala kapolo masiku onse. Pamenepo anali ndi zaka 58. Wopirira nayenso amva kuwawa, angoleka kulira pagulu.

M'mwezi wa September caka comweco Nikolaus anamwalira, namsiyira penshoni ya 1,000 gulden pa caka. Mwana wace, amene analowa m'malo, sanasamale za nyimbo, nabalalitsa oimba ambiri. Pomwepo anafika Johann Peter Salomon, woliza vayolini amene anali kukonza misonkhano ya nyimbo ku London, nampempha kuti apite naye. Akuti Mozart anamcenjeza kuti sadziwa zinenero za maiko ena, ndipo iye anayankha kuti cinenero cace cimveka pa dziko lonse. Pa 1 January 1791 anaoloka kufika ku England, ndipo kanali koyamba m'moyo wace kuyenda pa nyanja yamcere. Caka comweco sukulu yaikulu ya Oxford inampatsa ulemu wa udokotala wa nyimbo. Ku London nyimbo za anai zinatuluka m'cipinda, nizilizidwa pamaso pa anthu mazana ogula matikiti, ndipo zimene anapeka m'caka ca 1793 pokonzekera ulendo wace waciwiri ziyamba ndi mau amphamvu oitana khamu kuti likhale cete. Analembera mai Genzinger kuti ufulu, ngakhale wocepa, ukoma ndithu. Koma cimwemwe cace cinasanganizika ndi maliro, pakuti ali komweko anamva kuti Mozart wamwalira pa 5 December 1791, ali ndi zaka 35 zokha.

Pakati pa maulendo awiriwo analandira wophunzira wina ku Vienna, mnyamata wa ku Bonn wa zaka 21, Ludwig van Beethoven, amene anafika m'mwezi wa November 1792. Uyu anali wouma mutu, ndipo pambuyo pace anali kunena kuti sanaphunzire kanthu kwa Haydn. Koma anakopera ndi dzanja lace nyimbo yoyamba ya Opus 20 kuti aone kamangidwe kace, ndipo nyimbo zace za anai zoyamba sizinasindikizidwe kufikira 1801, atayamba wadziyesa pa mitundu yina. Zonse pamodzi anapeka 16, ndipo zisanu zotsiriza, za pakati pa 1824 ndi 1826, anazilemba atagontha makutu, alikumva anthu anai aja m'mutu mwace mokha. Njira imene inayamba ndi wansembe ndi kapitao wa minda ku Weinzierl inapitirira kwa Franz Schubert, Johannes Brahms ndi Antonín Dvořák, ndipo m'zaka za m'ma 1900 inafika kwa Béla Bartók wa ku Hungary, amene anapeka 6, ndi Dmitri Shostakovich wa ku Russia, amene anapeka 15.

Haydn mwini sanaleke. Zisanu ndi imodzi za Opus 76, zimene anatsiriza m'caka ca 1797 ali ndi zaka 65, ambiri aziyesa zopambana zace zonse. Nyimbo zace za anai ziwerengedwa 68. Yotsiriza anaiyamba, koma nyonga inamthera. Pofika caka ca 1803 anali atalemba zigawo ziwiri zokha mwa zinai, ndipo atadikira zaka zitatu kuti kapena mphamvu idzabwerera, analola kuti isindikizidwe yosatha m'caka ca 1806, pamodzi ndi kakhadi kace kouza anthu kuti wakalamba.

M'mwezi wa May 1809 asilikali a Napoleon anazinga Vienna naombera mizinga, ndipo cipolopolo cina cinagwa pafupi ndi nyumba yace. Nkhalambayo, imene tsopano inali ndi anchito aceace, ndiyo inatonthoza anchitowo kuti asaope. Anamwalira pa 31 May 1809 ali ndi zaka 77. M'cikalata cogawira cuma cace anakumbukira abale ace osauka ndi anchito a m'nyumba mwace. Analembamonso kuti mdzukulu wa Buchholz uja apatsidwe 100 gulden, cifukwa ambuye ace anamkongoza ndalama pamene iye anali mnyamata wosowa pogwira, ngakhale ngongoleyo anali atabweza kalekale. Ndipo mwana wamkazi wa Spangler, munthu uja anamlandira atapirikitsidwa, anali atalowa nchito ya kuimba kwa Esterházy m'caka ca 1768, pansi pa ulamuliro wa Haydn yemweyo.

Sukulu ya St. Stephen inamtulutsa cifukwa inafuna kwa iye mau amodzi okha, ndipo mauwo anatha. Zaka 50 zotsatira anazithera pa kuphunzira m'mene mau a anthu osiyana angayendere pamodzi, wina osapondereza mnzace. Sanayambire pa zimene anazisowa. Anayambira pa limba lofumbwa, pa buku limodzi, ndi pa anthu anai amene analipo madzulo aja. Kufikira lero, pamene anthu anai akhala pa mipando yao kuti alize yaciwiri ya Opus 20, woliza vayolini yoyamba, amene dzina lace lilembedwa patsogolo pa anzace, agwira uta wace nadikira kuti wa cello ayambe.